Masamba Amene Ndinaponda

Chaka sindichikumbukira. Inali nyengo ija mbatata ya kachewere itakumbidwa, minda ili mbee, nkhungu ikuchedwa kuchoka m'zigwa. Ndinali ndi njinga yopyapyala matayala, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, imene ndinasinthanitsa ndi mbuzi ziwiri kwa mphunzitsi wina amene mawondo anali atamukana. Inalibe keliyala, inalibenso belu. Akwathu anandiseka kuti ndataya mbuzi, poti njinga yosanyamula thumba la chimanga ndi njinga yanji? Ine ndinkalawirira nayo kumapiri, kumene msewu wa phula ndi wopapatiza, ndipo galimoto ikadutsa imodzi, tsikulo ndiye kuti kwachuluka magalimoto.

Tsiku limene ndikunenali ndinavala malaya oyera. Ndinakwera chitunda kuyambira mame asanaume mpaka mthunzi wanga utafupika. Pamwamba panali mtengo wa mkungudza wong'ambika pakati, ndipo kuchokera pamenepo msewu unkatsetsereka mokhotakhota kulowa m'nkhungu. Ndinasiya kupalasa. Gudumu lakumbuyo linayamba kulira kaphokoso kake kaja, tiki-tiki-tiki, mphepo inadzaza malaya, ndipo thukuta lonse la m'mawa linauma. Ndinakhota koyamba, ndinakhota kachiwiri. Nditakhota kachitatu ndinaona masamba pamsewu.

Palibe amene sadziwa tanthauzo lake. Nthambi zaziwisi zikayalidwa chopingasa msewu ndiye kuti pamudzipo pagwa zovuta. Wa njinga amatsika, n'kuvula chipewa, n'kukankha njinga yake mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ine masambawo ndinawaona bwinobwino. Zala zanga zinali pa mabuleki, ndipo mabulekiwo anali abwino. Koma mtsetse unali utakoma, abale. Ndinati ndigwira pompano, ndigwira pompano, kenaka ndinangomva nthambi zikuthyoka pansi pa matayala. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo, amayi pakhomo la siwa. Nyimbo imene ankayimba inaduka pakati. Wina anakuwa. Ndinaponda masamba achiwiri, n'kupita ndi liwiro la mtondo wadooka.

Ndinakaima kumunsi, pa mlatho wa kamtsinje. Paja chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ndinayang'ana kumbuyo, koma nkhungu inali itatseka phiri lonse, ndipo mantha anandiuza kuti ndibwerere mawa mitima ya anthu itazizira. Mawa lake ndinabwerera. Mlatho ndinaupeza, kapena unali wina wofanana nawo, koma msewu wokwera unandifikitsa kumudzi wina kumene ana ankasewera mpira ndipo kunalibe amene anamwalira. Ndinayesa njira ina, inandifikitsa kunkhalango ya paini. Pofika madzulo ndinadziwa kuti phirilo landibisira mudzi uja.

Kuyambira tsikulo ntchito yanga inali imodzi: kupeza khomo limene ndinadula nyimbo, kukhala pansi, ndi kupepesa anamfedwa. Sindinkadziwa amene anamwalira, kaya mwana kaya wamkulu. Ndinkangodziwa kuti mlandu suola.

M'katauni kena ka msewu umodzi ndinapeza a Lipenga, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa bulugamu. Gudumu langa lakutsogolo linali litapindika ndi nthambi zija. Ndinawafotokozera za ulendo wanga, koma pofika pa masamba lilime langa linakhota lokha.

"Mabuleki anakana, bambo," ndinatero.

A Lipenga ananyamula njinga, n'kuzunguza gudumu, n'kufinya buleki ndi chala chimodzi. Gudumu linaima nji. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo omanga ndi waya.

"Awa ndiye anakana?"

"Anakana."

"Chabwino, mwana wanga, anakana. Khala apo, undigwirire sipanala."

Ndinagwira sipanalayo mvula ziwiri. Anandiphunzitsa kumata chubu, kudzoza girizi, ndi kuwongola gudumu, ntchito imene amati siifuna mphamvu koma khutu. Ankamenya masipoko ndi chikhadabo mmodzimmodzi, n'kumamvetsera. "Lapindikira kumanzere? Usalimbane ndi kumanzereko. Masula pang'ono uko, mangitsa pang'ono uku, libwera lokha." Masiku opanda ntchito ndinkakwera mapiri ozungulira kufunafuna mkungudza wong'ambika, ndipo pobwera iwo sankafunsa. Ankangoyang'ana nkhope yanga n'kundisunthira mpando. Tsiku lina anandiuza kuti mapiri a kuno ndawamaliza, ndipite kwina.

"Koma kopepesa sapita chimanjamanja," anatero. "Tenga nkhuku."

"Ndinyamulira pati, poti keliyala palibe?"

"Msana uli nawo wa chiyani?"

Ndinachoka m'tauni muja nditabereka thadzi kumsana m'chitenje cha mkazi wawo, mutu wake utatulukira paphewa panga. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwirana.

Zaka zotsatirazo zinali zokoma, ndisaname. Munthu wa mlandu amayenera kuwonda, koma ine ndinkadya mapichesi a m'mbali mwa msewu n'kumamwa madzi a pakasupe. Ndinaphunzira kuti chitunda sachiyang'ana pamwamba, umangoyang'ana pamene pafika gudumu. Ndinaphunzira kumva fungo la mvula isanawoloke chigwa. M'misewu imeneyo mumamva mpweya wanu womwe, mumamva nkhwangwa ya munthu amene simukumuona, mumamva mbuzi ikutsokomola kuphiri linalo. Nthawi zina ndinkayenda m'mawa wonse osakumana ndi munthu, kenaka n'kupeza nkhalamba itasenza mpando ikupita kumene iyo yokha ikudziwa. Tinkapatsana moni, aliyense n'kupitiriza.

Paliponse pamene ndapeza masamba ndinkatsika patali, chipewa m'manja. Sindinkangokankha n'kudutsa ayi. Ndinkatsamiritsa njinga pamtengo n'kukhala nawo pamaliropo, poti maliro n'kulirana. Mwambo ukatha ndinkafunsa akuluakulu ngati pamudzipo panadutsapo wa njinga wamwano. Ankapukusa mitu.

Pamudzi wina wa miyala adzukulu anachepa, ndipo mkulu wawo, bambo wamfupi wa mano awiri, anandiponyera khasu.

"Mlendo, manja amenewo ndi ogwirira chipewa chokha?"

Ndinakumba nawo manda tsikulo, ndipo ndinakhala nawo nyengo yonse ya chisanu. Anandiphunzitsa kuyeza ndi bango, kuwongola makoma, ndi kusema kachipinda kam'mbali kuti dothi lisagwere pa bokosi. Anandiphunzitsanso kuti kumanda anthu amaseka, chifukwa wokumba akalira nayenso ndani amalize dzenje? Nditawauza nkhani yanga, mkulu uja anandifunsa chimene chinandiletsa kuima.

"Mabuleki anakana," ndinatero.

"Iii, pepani. Nanga miyendo inakananso? Ife kuno mabuleki akakana timakwakwaza chidendene."

Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo. Thadzi langa analidya tsiku lomwelo. Adzukulu sapempha, ndipo mkuluyo anati nkhuku ya chipepeso yafika pamaliro ndithu, kungoti si omwewo. Ndinapeza lina. Limenelo linatengedwa ndi mphamba ndikusamba pamtsinje. Lachitatu linakalamba kumsana kwanga mpaka linkagona njinga ili pa liwiro.

Kenaka ndinafika kwa Enelesi. Anali mayi wa munda wa mbatata m'mbali mwa phiri, ndipo ndinaima kwa iye kupempha madzi okha. Anandipatsa madzi, n'kundipatsanso khasu, akuti mizere yake ikugumuka ndi mvula ndipo munthu wodziwa kuwongola makoma a manda sangalephere mzere. Ndinakhala. Tinakumba mbatata katatu. Anandiphunzitsa kusankha mbewu, kuti mbatata yobzala ndi ija yaing'ono ngati dzira, ya maso ambiri, osati yaikulu yokopa anthu pamsika. Pakhomo pake panali mitengo iwiri ya mapichesi, ndipo masana tinkakhala pamthunzi pake osayankhula zambiri. Ndinamukonda mayi ameneyo, ndipo ndikhulupirira kuti nayenso anandikonda.

Koma m'mawa kukachita nkhungu ndinkapukuta njinga. Iye ankaona.

"Bambo, amene munawalakwirawo mwina anaiwala kalekale," anandiuza tsiku lina tikusankha mbewu.

"Mwina. Koma ine sindinaiwale."

"Si munati mabuleki anakana? Ngozi ilibe mwini."

"Anakanadi."

"Nanga bwanji mukafika pa mawu amenewo mumayang'ana pansi?"

Ndinapitiriza kusankha mbewu. Iye analowa m'khola n'kutulutsa thadzi lofiira, n'kulimanga yekha kumsana kwanga, kumangitsa ngati akumanga mwana. Anati ndikapepesa ndibwere, koma ndidziwe kuti pichesi likapsa silidikira munthu. Patapita nyengo zingapo msewu unandidutsitsanso pakhomo paja, mudzi uja ndisanaupezebe. Ndinapeza njinga yakuda ya keliyala yaikulu itatsamira pamtengo wa mapichesi, matumba awiri a mbatata atamangidwa kale. Mwini wake anali bambo waulemu, ndipo anandithandiza kupopa tayala. Enelesi anadzaza mapichesi m'matumba a jekete langa. Zinandipweteka, ndipo ndinalira pachitunda chotsatira, koma mapichesiwo ndinadya onse.

Imvi zinabwera osandiuza. Malaya oyera aja anatha kalekale, ndinkavala jekete la khofi lokhala ndi zigamba. Mkungudza wong'ambika ndinali nditasiya kuufunafuna, ndinkangoyenda, thadzi lili kumsana, poti kuyenda ndi kumene ndinkadziwa. M'mawa wina ndinakwera chitunda chachitali chimene sindinachizindikire konse. Pamwamba panali chitsa chachikulu chowola ndi mayi wogulitsa kabichi. Ndinapumira pachitsapo, n'kuyamba kutsika. Ndinakhota koyamba. Ndinakhota kachiwiri. Ndisanafike pachitatu zala zanga zinafinya mabuleki zokha. Maso anali ataiwala, koma manja ankadziwa.

Pamsewu panalibe tsamba ngakhale limodzi. Komabe ndinatsika, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kukankha. Mtengo uja amuna anakhala pansi pake unalipo. Nyumba ija inalipo, kungoti udzu unasanduka malata. Bambo wina amene ankasoka dengu pansi pa mtengowo anandiyang'ana modabwa.

"Akulu, valani chipewa! Kuno kulibe zovuta, tonse tadzuka."

Ndinapereka moni, n'kufunsa ngati panyumbapo panachitikapo maliro kalekale, nyengo yokumba mbatata, tsiku la nkhungu. Bamboyo anaika dengu pansi. Anati dzina lake ndi Zakeyu, mlamu wa pakhomopo, ndipo anaitana mayi amene ankapeta nsawawa pakhonde.

"Alamu, bwerani! Mbiri ya achimwene yafika kutali, aliponso wina wabwera kudzamva."

Mayiyo anali wokalamba, wowongoka msana, wa maso akuthwa. Anali mayi Nangondo. Anayala mphasa, n'kuyang'ana njinga yanga nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira ine. A Zakeyu sanadikire kufunsidwa.

"Malemuwo anali akulu anga, a Kamtedza, amuna a mayiwa. Ntchito yawo inali yonyamula makalata ndi mankhwala pa njinga, kuchokera kuchipatala cha kuseri kwa phiri kupita m'midzi yonseyi. Munthu ameneyo mtsetse uwu ankautsika ngati alibe ana! Kenaka matenda anawagwira miyendo. Zaka zisanu ndi ziwiri ali pamphasa, akulu, kumangomvetsera njinga za anzawo zikudutsa. Tsono tsiku loika, tili pompano, nkhungu ili tolo, amayi akuyimba. Tinangomva tiki-tiki-tiki. Kutukula maso, munthu wovala zoyera, mbuu, pa njinga yoti sitinaionepo, osapalasa, wadutsa pamasamba, wazimirira. Ine ndinakuwa kuti achimwene! Tonse tinaona. Kumene anapitako miyendo anawabwezera, ndipo anapita pa njinga. Mudzi uno mpaka lero wodwala akamaopa imfa timamuuza za a Kamtedza."

Thadzi linasuntha kumsana kwanga. Ndinali nditayenda theka la moyo wanga ndi mawu opepesa m'kamwa, ndipo tsopano mawuwo akanagwetsa chinthu chimene mudzi wonse unatsamirapo. Ndikanatha kuthokoza, n'kuvala chipewa, n'kupita ndi mlandu wanga. Ndinayang'ana pansi.

"Alamu," anatero mayi Nangondo, "mlendo wauma kukhosi. Kamuthyolereni nzimbe kudimba. Musankhe yakupsa, osathamanga."

A Zakeyu atapita, mayiwo anandiyandikira.

"Nenani chimene mwabwerera, bambo. Nkhuku siberekedwa chabe."

"Mayi, wa zoyera uja sanali mzimu. Ndinali ine. Mabuleki..." Lilime linafuna kukhota monga mwa masiku onse, koma ndinatukula mutu n'kuwayang'ana. "Mabuleki anali abwino. Masamba ndinawaona. Mtsetse unandikomera, ndipo sindinafune kuima. Ndinadula nyimbo ya amuna anu chifukwa cha kukoma kwa mphepo. Pepani, mayi. Ndakufunani zaka zonsezi kuti ndinene zimenezi."

Anatola timiyala m'lichero.

"Ndinakuonani," anatero. "Anzanga onse anali ataweramitsa mitu, ine ndekha ndinali kuyang'ana kumsewu, poti kumeneko ndi kumene ndinazolowera kuyang'ana. Mzimu suvala nsapato yong'ambika chala chili panja. Ndinaona ndi nkhope yomwe. Munthu amene mabuleki amukana saseka chomwecho, mano onse pamtunda."

"Ndiye munadziwa?"

"Ndinadziwa. Mukanabwera mawa lake ndikanakulipitsani mbuzi, osati nkhuku. Ndinakwiya mwezi wathunthu. Koma zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaona nkhope ya munthu wogona, mpaka ndinaiwala kuti a Kamtedza anali ndi nkhope ina. Ndikatseka maso ndinkangoona mphasa. Inu munadutsa ndi nkhope ija, imene ankabwera nayo madzulo thumba la makalata likuwuluka kumbuyo. Ndinaikumbukira. Mpaka lero ndimaiona."

Misozi inanditsika, ndipo sindinaibise. Iwo anamasula chitenje kumsana kwanga, n'kunyamula thadzi, n'kuliyeza m'manja.

"Lawonda ili, koma ndalandira. Mlandu wa nyimbo watha. Alamu anga ndi enawo musawauze kanthu, zawozo n'zawo, zimawathandiza. Koma mwandichedwetsa kwambiri, bambo, ndiye pali china choti muchite."

"Nenani, mayi."

"Bwererani pamwamba. Lero masamba kulibe. Mutsike ngati tsiku lija, ndimve."

Ndinakwera. Mawondo anadandaula monga anachitira a mphunzitsi uja, ndipo ndinaima kawiri kupuma. Mayi wa kabichi anandifunsa ngati ndaiwala kanthu, ndinati eya. Ndinatembenuza njinga pachitsa paja, ndinakanikiza chipewa, ndinapalasa katatu n'kusiya. Tiki-tiki-tiki. Mphepo inalowa m'zigamba za jekete. Ndinakhota koyamba, ndinakhota kachiwiri, ndipo pachitatu zala zinafuna kufinya koma ndinazikaniza. Ndinawaona ataima m'mbali mwa msewu, nkhuku kukhwapa, a Zakeyu pambali pawo atayasama ndi nzimbe m'manja. Sindikudziwa nkhope imene ndinali nayo. Ndinangomva nthungululu ikunditsatira, yaitali, ya mawu okalamba, ndipo palibe amene anaidula.

Ndinakaima pa mlatho. Ndinachita mantha kuyang'ana kumbuyo, koma ndinayang'ana. Kunalibe nkhungu. Msewu unalipo, wokwera mokhotakhota mpaka pa denga la malata, ndipo pakhomopo munthu wamng'ono ngati nyerere ankandikodola ndi dzanja. Ndinatembenuza njinga n'kuyamba kukwera, poti nzimbe ija inali isanadyedwe.